Mmene mungachititsire anzanu khungu ndi zilembo: malangizo aulere kwa osewera a pa Mwanza

Pa Mwanza pano mavuto tinali nawo kale okwanira. Dzuwa la mu Okutobala silikambirana ndi munthu, mathiraki opita ku Tete amandanda pa boda mpaka madalaivala kuyamba kudziwana ndi agalu a m'mudzi, ndipo manachesi akapsa onse nthawi imodzi mtengo wake umagwa mlimi akuyang'ana. Koma anyamata ena aona kuti izi zachepa, ndiye awonjezerapo lawo: kupaka utoto zilembo m'masewera a mawu okhaokha.

Mukuwadziwa masewera ake. Aja opanda chithunzi, opanda kanema, omwe foni imangokuuza kuti uli m'nkhalango, njira ili kumpoto ndi kumadzulo, ndipo patsogolo pako paima fisi wanjala. Iwe ulemba north, uyenda. Ulemba kill, nkhondo iyamba. Momwemo mulinso anthu ena enieni, wina ali ku Helsinki, wina ku Manila, wina pa benchi ya pa depoti pompano, nonse mukuwerenga mizere yofanana. Eni ake amawatcha MUD. Ambirife tinalowamo chifukwa cha umphawi, tisanamizane: kanema mmodzi wa pa TikTok amadya bandulo yomwe masewerawa sangaimalize madzulo onse. Oyamba anawayamba ndi Roy Trubshaw pa yunivesite ya Essex ku England mu 1978, mnzake Richard Bartle n'kuwakulitsa. Anyamata awiriwo anamanga dziko lathunthu ndi zilembo za mtundu umodzi, ndipo palibe amene anamwalira nazo. Zimenezo zinali zakale. Lero tinatukuka, choncho amene akufuna kulemekezedwa pakati pa osewera a kuno atsate malangizo awa.

Lamulo loyamba, lomwe ndi mayi wa malamulo onse: lembani ndi buluu wakuya pa sikirini yakuda. Musanyengedwe ndi woyera kapena wobiriwira, imeneyo ndi mitundu ya anthu ofuna kumvedwa. Inu mukufuna kuti mnzanu, yemwe wakhala pansi pa mtengo wa mango masana dzuwa lili paliwombo, atachepetsa kuwala kwa foni chifukwa magetsi anathima m'mawa ndipo batire yatsala pang'ono, ayandikitse foni pamphuno, aphimbe ndi chipewa, atsinzine diso limodzi, kenako adzuke kukafuna mdima kuseri kwa golosale kuti awerenge uthenga wanu. Akafika kumeneko apeze kuti munalemba kuti "bho aise". Mukatero mwamuthandiza kuyenda, zomwe madokotala amalimbikitsa.

Buluu ameneyu ali ndi nambala, ndi 34. Utoto wa m'masewerawa suchokera kumwamba. Seva imatumiza tizizindikiro tobisika patsogolo pa mawu, ndipo pulogalamu ya pa foni kapena kompyuta yanu ikationa imasintha mtundu. Dongosolo lake linalembedwa kalekale, mu muyezo wa ECMA-48 wa mu 1976 ndi wa ANSI X3.64 wa mu 1979, ndipo osewera amangoti utoto wa ANSI. Manambala 30 mpaka 37 ndi a zilembo: 30 wakuda, 31 wofiira, 32 wobiriwira, 33 wachikasu, 34 wabuluu, 35 wapepo, 36 wamtambo, 37 woyera. Manambala 40 mpaka 47 ndi mitundu yomweyo koma ya kumbuyo kwa zilembo. Chimene madolo athu sadziwa n'chakuti nambalayo imangoti "buluu", siinena kuti buluu wake wowala bwanji. Zimenezo pulogalamu iliyonse imasankha yokha. Buluu yemwe akuoneka bwino pa laputopu ya achimwene anu a ku Blantyre, pa itel ya mnzanu ndi usiku. Ngakhale 33 uja, pa makompyuta akale a IBM ankatuluka wa bulauni, chikasu chenicheni n'kumabwera pokhapokha utawonjezera nambala 1 yowalitsira. Koma inu musalabadire zimenezi. Mnzanu akadandaula kuti sakuona kanthu, muyankheni kuti "kwa ine zikuoneka", chifukwa yankho limeneli lathetsa milandu yambiri m'dziko muno.

Amene mwakhwima kale pa buluu, yeserani 30 pamwamba pa 40, wakuda pa wakuda. Ndi njira yabwino yopepesera munthu amene munamulakwira.

Lamulo lachiwiri ndi lomwe limasiyanitsa ana ndi akuluakulu: mukatsegula utoto, musatseke. Pali kanambala kakang'ono, 0, komwe ntchito yake ndi kubwezera zonse mwakale. Kapeweni ngati ngongole ya banki m'khonde. Masewera aliwonse ali ndi kalembedwe kake kachidule kuti wosewera asavutike ndi manambala. Ambiri ochokera ku banja la ROM amatsegula wofiira ndi {r n'kutseka ndi {x. A banja la SMAUG amalemba &R. Ku Aardwolf ndi @R. Ku Discworld MUD amalemba %^RED%^ n'kutseka ndi %^RESET%^. Pa zonsezi inu lowezani theka loyamba lokha. Masewera ena anachenjera, amakutsekerani okha mzere ukatha, koma alipo ena omwe eni ake ankakhulupirira kuti anthu ali ndi ulemu, ndipo kumeneko ndiye kwanu. Ikani wofiira pa dzina lanu la ulemu, lija limaoneka pa mndandanda wa amene ali m'masewera, musatseke, kenako khalani pansi muonerere. Dzina la amene ali pansi panu lifiira. La wotsatira wake lifiira. Nkhalango ifiira, mtsinje ufiira, wansembe wa m'kachisi afiira, mpaka seva idzatumize mtundu wina mwa chifundo chake.

Amayi aliyense amene anachapapo chitenje chatsopano chosuluka m'beseni limodzi ndi malaya oyera a sukulu akudziwa zomwe ndikunena, ndipo akudziwanso kuti chitenjecho chimatuluka m'madzimo chili bwinobwino. Olira ndi malaya.

Apa ndiye nthabwala ndiziike kaye pambali, chifukwa zimandinyansa zenizeni. Wofiira m'masewerawa ali ndi ntchito. Mizere imathamanga pa nkhondo, makumimakumi pa mphindi imodzi, ndipo palibe amene amawerenga liwu ndi liwu. Diso limangogwira mtundu: nambala ya moyo wako ikakhala yobiriwira pitiriza, ikasanduka yachikasu samala, ikafiira thawa. Mawu a mnzako wokuitana ali ndi mtundu wawo, njira zotulukira zili ndi wawo. Munthu mmodzi akafiiritsa zonse, wachotsa chenjezo kwa aliyense. Ine ndinataya lupanga lomwe ndinalivutikira nyengo yonse ya dzinja chifukwa mnyamata wina anafuna kuti mawu oti "Mfumu ya Mafumu" awale, ndipo nditamufunsa anati, "Malume, nanga si mumangowerenga manambalawo?" Kuwerenga ndimatha, mphwanga. Sukulu ndinapita iwe usanabadwe.

Tibwerere ku maphunziro. Mukasamukira ku masewera ena, nyamulani kalembedwe ka kumene mwachokera. Lembani &R kumene amafuna @R, kuti dzina lanu lituluke lodzaza ndi zizindikiro zosamveka, anthu aziganiza kuti ndinu mlendo wochokera kutali.

Lamulo lachitatu: dzina la munthu wolemekezeka likhale utawaleza. Chilembo chilichonse mtundu wake, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo muikeko nyenyezi, timizere ndi timitanda mpaka dzinalo litalike kuposa zomwe mukufuna kunena. Zimenezi sizinayambe lero, ndipo si ana a masiku ano okha olakwa. Amene munali ndi abale ku Joni zaka za m'ma 2000 mukukumbukira Mxit, pulogalamu yochezera ija inachokera ku Stellenbosch kwa Herman Heunis, yomwe inkayenda pa ka Nokia kalikonse kokhala ndi intaneti. Basi zochokera ku Johannesburg zimalowera pa Mwanza pompano, ndiye pamodzi ndi mabulangeti ndi mawailesi, matendawa analoweranso pano. Pa Mxit ukalemba #FF0000 mawu ako ankafiira, ndipo munalinso masewera a anthu ambiri monga Moonbase, momwe magulu ankamenyana pa mwezi ndi mawu ndi manambala. Abambo ena omwe lero ndi madikoni ankalemba mayina awo ndi mitundu isanu nthawi imeneyo, ndikuwadziwa. Mxit inatsekedwa mu 2016. WhatsApp yomwe inatenga malo ake inatipatsa zilembo zonenepa, zopendekeka ndi zokhwatchidwa pakati, koma utoto inatimana, ndipo ndikaganizira gulu la m'banja mwathu ndimaona kuti amene anasankha zimenezo anali munthu wokonda mtendere.

Utawaleza uli ndi mtengo wake, ngakhale si waukulu. Chilembo chimodzi chamba ndi bayiti imodzi. Chizindikiro chotsegulira wofiira ndi mabayiti 5. Mukafuna mitundu 256 ija ya mapulogalamu atsopano, chizindikiro chimodzi chimafika mabayiti 11. Liwu loti Mwanza, lomwe ndi mabayiti 6, mukalipaka mtundu wake chilembo chilichonse n'kutseka kumapeto limakwana mabayiti 76. Palibe amene angasauke nazo, ndikuvomera. Koma zimasangalatsa kuona munthu amene anathawira ku masewera a mawu kuti apulumutse bandulo akuchulukitsa dzina lake kakhumi ndi kawiri, kenako n'kupempha mnzake kuti amugawireko mayunitsi.

Choipa chenicheni cha zokongoletsazi chili pena. Masewera a mawu ndi amodzi mwa ochepa omwe munthu wosaona amasewera mofanana ndi wina aliyense, chifukwa pulogalamu yowerenga mokweza, monga NVDA pa kompyuta kapena TalkBack pa foni za Android, imamuwerengera mizere yonse. Osewera otere alipo ambiri m'masewerawa, ena ndi akatswiri oti simungawafike. Utoto wanu sauona, koma nyenyezi ndi timizere tanu makinawo amatha kumuwerengera kamodzikamodzi, nthawi iliyonse mukatsegula pakamwa. Akamamaliza kumva dzina lanu, chilombo chamudya kale. Ngati zimenezi sizikukuchititsani manyazi, pitirizani, mwakhoza mayeso.

Pali timalamulo tina tomwe sitifuna nthawi yambiri. Nambala 5 imachititsa mawu kuthwanima, ndipo ngati pulogalamu ya mnzanu imalola zimenezo, igwiritseni ntchito polengeza chilichonse, ngakhale kuti mukupita kukadya nsima. Lembani wofiira pamwamba pa wobiriwira, chifukwa pali amuna ena omwe maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi, ndipo ku Ulaya amakhala mmodzi mwa amuna 12 aliwonse, choncho m'masewera odzaza azungu simungaphonye. Gwiritsani zilembo zikuluzikulu zokhazokha. Uzani aliyense kuti sikirini yakuda imasunga batire, osatchula kuti zimenezo n'zoona pa sikirini za OLED zokha, pomwe pa foni zathu zambiri za LCD nyale yakumbuyo imayaka chimodzimodzi kaya mwaika wakuda kaya woyera. Mukakhala kufupi ndi Zóbuè foni n'kudumphira pa netiweki ya tsidya, masewera n'kuduka muli pakati posintha mitundu, musabwerere kukakonza. Zimenezo ndi za mawa.

Lamulo lachinayi ndi la magulu, ndipo apa ndiye pamafunika kudekha. Osewera a dera limodzi akachuluka amapanga gulu lawo m'masewera, ndipo gulu limafuna mtundu wa dzina lake. Kwa anzathu a ku Finland nkhaniyi imatha pa mphindi ziwiri. Kuno itanitsani msonkhano, chifukwa m'Malawi mulibe mtundu wopanda mwini. Wina akati wofiira, wa Wanderers aimirira kuti iye salowa gulu la Bullets, wina n'kufunsa mwaulemu ngati tayamba kugwirira ntchito UTM, wachitatu n'kuti kapena Airtel yatilipira. Mukati buluu, wa Bullets atuluka panja, ndipo wotsala akufunsani kuti DPP yakupatsani zingati. Wachikasu ndi wa UDF. Wobiriwira muyambana kawiri, koyamba za TNM, kachiwiri za MCP. Woyera wina adzati ndi yunifolomu ya amayi a Mvano ndipo si bwino kupita nayo kukapha zinjoka. Wakuda ndi wa maliro, komanso tanena kale kuti saoneka. Pa mitundu isanu ndi itatu mwatsala ndi wapepo ndi wamtambo, ndipo wamtamboyo wa Silver Strikers wakhala chete nthawi yonseyi akuudikira.

Pamenepo padzaimirira munthu wanzeru n'kunena kuti ife ndi a Mwanza, dziko lonse limatidziwa ndi manachesi, bwanji titenge mtundu wa nachesi lakupsa. Aliyense adzaomba m'manja. Musiyeni amalize, kenako mukumbutseni zinthu ziwiri: kuti mtundu umenewo ndi wa PP, komanso kuti pa mitundu isanu ndi itatu ija palibepo. Kuti muupeze muyenera kupita ku mitundu 256, pa nambala 208, ndipo amene pulogalamu yake siidziwa mitundu imeneyo adzaona china chake, mwina chofiira, mwina chachikasu, mwina manambala okhaokha. Ndiye kuti theka la gulu lidzakhala la manachesi, theka linalo la chipani chomwe silinasankhe. Walira mvula walira matope.

Musadabwe kuti msonkhano wotere umatenga masabata. Ndife dziko lomwe linasintha mbendera mu 2010, nthawi ya Bingu wa Mutharika, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuika loyera lathunthu pakati, kenako mu 2012, Joyce Banda atalowa, Nyumba ya Malamulo n'kubwezeretsa yakale. Ngati akuluakulu ovala masuti anakhalira pansi kawiri nkhani ya utoto, anyamata a kabaza alakwanji? Mukalephera kugwirizana, gawanani. Neno inapatuka kuchoka ku Mwanza mu 2003, choncho zopatukana sitiphunzitsidwa ndi munthu. Gulu la anthu asanu ndi mmodzi likhoza kubala magulu atatu, lililonse ndi wapampando wake, mlembi wake ndi mtundu wake, ndipo chinjoka chomwe munkafuna kuchipha limodzi chidzafa ndi ukalamba.

Tsopano pali chinsinsi chimodzi chomwe muyenera kuchibisa zivute zitani, chifukwa chikadziwika ntchito yanu yonse yagwa. Munthu akhoza kupaka utoto pa sikirini yake yokha osakhudza wina aliyense. Mapulogalamu osewerera monga Mudlet, MUSHclient ndi TinTin++ pa kompyuta, kapena BlowTorch pa Android, amalola wosewera kuuza makina kuti akaona liwu lakuti alipake mtundu wakuti. Ukhoza kuika dzina la mdani wako lofiira, la chibwenzi chako lapepo, la amene uli naye ngongole lothwanima kuti uthawe msanga, ndipo zonsezo zithera pa foni yako. M'mapulogalamu ambiri ukhozanso kusintha buluu wa 34 uja kuti akhale wowala, vuto la lamulo loyamba n'kutha mpaka kalekale. Izi musauze munthu. Utoto womwe ukuuona wekha uli ndi phindu lanji? Akudziwa bwanji anthu kuti unagula foni yatsopano?

Choopsa kwambiri n'chakuti masewera ambiri ali ndi lamulo lozimitsira utoto wonse. CircleMUD, yomwe inachokera ku DikuMUD ya ophunzira a ku Copenhagen, inapereka masitepe anayi: off, sparse, normal ndi complete. Munthu wotopa amangolemba color off, dziko lonse n'kubwerera ku zilembo za mtundu umodzi za nthawi ya Trubshaw, utawaleza wanu womwe munaukonza usiku wonse n'kusanduka dzina wamba la mwana wa anthu. Choipa chake n'chakuti wazimitsanso chenjezo lofiira lija, ndiye akusewera wopanda chomuteteza chifukwa cha inu. Mukamva kuti wina wachita zimenezi, mutchuleni kuti ndi wachikale, wosatsata chitukuko. Mukhozanso kumutumizira uthenga wapadera womufotokozera mitundu yomwe akanaona akanakhala kuti sanazimitse.

M'gulu lathu nkhani ya mtundu ikadali m'manja mwa komiti, yomwe inasankha kakomiti kena kakang'ono. Pakadali pano aliyense akulemba mmene akufunira. Wapampando amathwanima. Mlembi ndi utawaleza, moti mfundo za msonkhano timazimva kwa amene analipo. Msungichuma, yemwe amasunga golide yense amene gulu limapeza ku nkhondo, amatumiza lipoti lake mwezi ndi mwezi mosaphonya, lolembedwa ndi 34 pa sikirini yakuda, nthawi ya 12 koloko masana. Pa anthu onsewa, ndi iye yekha amene ndikukhulupirira kuti akudziwa chimene akuchita.